Musanasinthe nyali za galimoto yanu yakale, dziwani zimene lamulo la pamsewu limafuna

Malonda a nsomba za ku Chilwa amayamba kunja kusanache. Pofika m'bandakucha, msewu wochokera pa doko la Kachulu kudzera pa Govala kulowera mumzinda wa Zomba umakhala uli kale ndi anthu: anyamata opalasa njinga zomangirira madengu a matemba ndi milamba, amayi osenza mpunga wa ku sikimu ya Likangala, akabaza, ndi mapikapu akale odzaza katundu mpaka kumbuyo kutsala pang'ono kukhudza pansi. Ambiri mwa magalimoto amenewa anagwira kale ntchito zaka zambiri ku Japan asanabwere kuno, ndipo nyali zawo zinatopa. Galasi linasanduka lachikasu, kuwala kwake kuli ngati kwa koloboyi, ndipo dalaivala amaona dzenje tayala litalowamo kale.

Choncho mwini galimoto akamva kuti kuli mababu a LED, a HID kapena nyali za pulojekita zowala ngati masana, sitingamudzudzule kuti wakopeka ndi zachabe. Akufuna kuona kumene akupita, ndipo ndi bwino kutero. Funso limene ambiri amafunsa atalipira kale makaniko ndi limene liyenera kufunsidwa poyamba: kodi lamulo limalola?

Kukonza kapena kusintha nyali za galimoto si mlandu pakokha. Mlandu umabwera pamene nyalizo zayamba kuthobwa m'maso anthu ena ogwiritsa ntchito msewu, pamene zili za mtundu wosaloledwa, kapena pamene zachititsa galimoto kukhala yosayenera kuyenda pamsewu.

Zimene lamulo limayang'ana

Lamulo lalikulu la pamsewu m'dziko muno, Road Traffic Act, ndi la chaka cha 1997, ndipo pansi pake pali malamulo ang'onoang'ono ofotokoza zida zimene galimoto iyenera kukhala nazo. Galimoto yoyamba padziko lonse yotuluka kufakitale ndi nyali zakutsogolo za LED, Lexus LS 600h, inabwera mu 2007, patapita zaka khumi. Ena akamva zimenezi amati ndiye kuti lamulo silikhudza LED. Akulakwitsa, chifukwa lamulo limayang'ana zimene nyaliyo ikuchita pamsewu, kaya muli babu la dzina lanji.

Galimoto iyenera kukhala ndi nyali zakutsogolo mbali zonse ziwiri, zogwira ntchito, zotha kuyaka fulu komanso dimu. Dimu iyenera kugwetsa kuwala pansi kuti wobwera kutsogolo asathobwe m'maso. Nyali ziyatsidwe dzuwa likalowa mpaka litatuluka, komanso masana amene ngati mvula, chifunga cha chiperoni, utsi kapena fumbi zikulepheretsa kuona patali. Mukakumana ndi mnzanu muyenera kudima. Kutsogolo kuwala kukhale koyera kapena kwachikasu; kufiira ndi kwa kumbuyo. Nyali zabuluu zothwanima ndi za apolisi, ndipo munthu wamba woziika pa galimoto yake wadziitanira mlandu.

Udindo umenewu uli pa anthu awiri: woyendetsa galimotoyo ndi mwini wake amene walola kuti iyende ili choncho. Dalaivala wolembedwa ntchito sangapulumuke ponena kuti anaika nyalizo ndi abwana. Mwini galimoto nayenso sangabisale kumbuyo kwa makaniko. Lamuloli limakhudzanso minibasi, lole, thalakitala ndi njinga yamoto ya kabaza.

Zimene zimagulitsidwa si zofanana

Apa ndi pamene ambiri amatayira ndalama, tsono tiyeni tichedwepo.

Nyali ya galimoto yakale ili ndi mbale yonyezimira kumbuyo kwa babu. Mbaleyo inaumbidwa poganizira kawaya kakang'ono koyaka m'kati mwa babu la halojeni, monga la H4 lija la mawati 60 ndi 55, ndipo kawayako kali pamalo ake enieni. Kuwala kukachokera pamalo amenewo, mbale imakusonkhanitsa ndi kukuponya pamsewu. Mukazula babu limenelo n'kuikamo la LED kapena la HID, kuwala kumachokera pamalo ena ndiponso m'maonekedwe ena. Mbale imangomwaza kuwalako paliponse: m'mitengo, m'madenga a nyumba za m'mbali mwa msewu, m'maso mwa wanjinga. Dalaivala amaona pafupi pambee n'kumaganiza kuti zinthu zakoma, chonsecho patali, pamene pali mwana kapena mbuzi, sipanawale kuposa kale. Maso akenso, pozolowera kuwala kwa pafupi, amayamba kulephera kuona mumdima wa patsogolo. Babu la HID limatulutsa kuwala kuwirikiza pafupifupi katatu dimu ya halojeni, tsono kuwalako kukamwazika kumavulaza kwambiri. Ku Britain, kuyambira mu 2021, galimoto ya zaka zaposachedwa yoikidwa mababu a HID kapena LED m'nyali zopangidwira halojeni imalephera mayeso ake a pachaka. Kusinthitsa kwa mtundu umenewu ndi kotchipa kuposa kwina konse, ndipo ndi kumene ine ndingakulangizeni kuti mukupewe.

Pulojekita ndi chinthu china. Ndi kanyali kozungulira kokhala ndi galasi lochindikala ngati diso kutsogolo kwake, ndipo m'kati muli kachitsulo kotchinga kuwala kopita m'mwamba. Zotsatira zake ndi mzere wodulidwa bwinobwino: pansi pa mzerewo powala, pamwamba pake mdima. Mapulojekita ena ali ndi kachitsulo kosuntha, kamene kamagwa mukayatsa fulu. Pulojekita yoikidwa mwaluso ingathandize galimoto yakale kuona bwino popanda kuzunza anthu. Koma ntchito yake ndi yaikulu. Makaniko amatenthetsa nyali kuti aitsegule, amamangirira pulojekita m'kati, kenako amamatanso. Ikakhala yopendekeka pang'ono, mzere uja umapendekeka nawo. Ikamangidwa mosalimba, mabampu a njira ya ku Kachulu amaigwedeza mwezi usanathe. Akamata mosasamala, fumbi la chilimwe ndi madzi a dzinja zimalowa, galasi n'kuchita nkhungu.

Njira yachitatu, imene kawirikawiri siivuta pamayeso, ndiyo kugula nyali yathunthu yopangidwira galimoto ya mtundu wanu, yatsopano kapena yochotsedwa pa galimoto inzake.

Palinso mipiringidzo ya LED ija imene ena amakhoma pamwamba pa galasi kapena pa bampala. Imeneyo ilibe dimu. Inapangidwira kutchire kopanda anthu, ndipo kuiyatsa mukukumana ndi anthu pamsewu wa aliyense ndi kuwathobwa dala.

Kumanzere kapena kumanja

Pali chinthu chimodzi chimene ogulitsa ambiri sanena, mwinanso sachidziwa. Mzere wa dimu si woongoka kuchokera uku kufika uko. Mbali imodzi umakwera pang'ono kuti uunikire m'mphepete mwa msewu, mmene mumayenda anthu apansi ndi mmene muli zikwangwani. Ife kuno timayenda kumanzere kwa msewu, chimodzimodzi Japan, Britain, South Africa, Zambia, Tanzania ndi Mozambique. Nyali yoyenera kuno mzere wake umakwera kumanzere. Ku China, ku America ndi ku Dubai amayenda kumanja, ndipo nyali zopangidwira misewu yawo zimakweza kuwala kumanja. Mukaika yotero pa galimoto yanu, mbali yokwerayo imalunjika pankhope pa dalaivala wobwera kutsogolo, pamene kumanzere kwanu, kumene kuli mayi wosenza mpunga uja, kumatsala mdima. Palibe sikuluwu imene ingakonze zimenezi, chifukwa kachitsulo kam'kati kanadulidwa motero.

Fakitale za ku China zimapanga mitundu yonse iwiri, tsono nkhani ndi kufunsa musanagule. Muuzeni wogulitsa kuti mukufuna ya magalimoto a chiwongolero cha kumanja. Pa nyali zokhala ndi chizindikiro cha chilembo E m'kabwalo, yang'anani kamuvi pagalasi. Mukaima kutsogolo kwa galimoto mukuyang'ana nyaliyo, kamuvi koloza kudzanja lanu lamanja kakutanthauza kuti ndi ya mayiko oyenda kumanzere ngati lathu. Kamuvi ka mitu iwiri ndi ka nyali yotheka kuitchera mbali iliyonse. Koma zolemba pa katoni zisakukhutiritseni. Umboni weniweni uli pakhoma.

Yesani pakhoma musanalipire

Mayeso awa safuna makina. Pezani malo athyathyathya kutsogolo kwa khoma la sitolo kapena la sukulu, kunja kutada. Imikani galimoto mamita 10 kuchokera pakhomalo, matayala ali ndi mpweya wokwanira. Yezani kuchokera pansi kufika pakati pa nyali, ndipo lembani msinkhu womwewo pakhoma ndi choko kapena khala. Yatsani dimu. Mzere wa kuwala uyenera kugwera pansi pa chizindikiro chanu ndi masentimita pafupifupi 10, kutanthauza kutsika sentimita imodzi pa mita iliyonse. Nyali zambiri zili ndi nambala yake yolembedwa pamwamba, monga 1.0% kapena 1.2%, ndipo imeneyo ndiyo muyezo wa amene anaipanga. Onaninso kuti nyali zonse ziwiri zikufanana msinkhu, kuti mbali yokwera ili kumanzere, ndiponso kuti pamwamba pa mzere palibe kuwala komwazika. Ngati simukuona mzere uliwonse koma chimtambo cha kuwala basi, ntchitoyo yalakwika. Yatsani fulu muone ngati ikusintha, ndiponso ngati kanyali kabuluu ka padashibodi kakuyaka.

Kenako chitani chimene ambiri sachita: pitani mukaime mamita 30 kutsogolo kwa galimoto yanu, muwerame pa msinkhu wa munthu wokhala pa njinga yamoto kapena m'galimoto yaing'ono, muyang'ane. Zimene maso anu amva ndi zimene anzanu azimva usiku uliwonse.

Kwa ife a kunyanja pali vuto lina. Pikapu imene inatcheredwa bwino ilibe katundu imasintha ikanyamula matumba a mpunga kapena madengu a nsomba. Kumbuyo kukatsika, kutsogolo kumadzuka, dimu n'kusanduka fulu. Pulojekita imaonjeza vutoli chifukwa pansi pa mzere wake kuwala n'kwamphamvu kwambiri, ndipo bampu lililonse limaponya mzerewo m'maso mwa anthu. N'chifukwa chake ku Ulaya magalimoto otuluka kufakitale ndi HID amakhala ndi kachipangizo kotsitsa nyali kokha katundu akalemera. Galimoto yanu yakale ilibe. Magalimoto ena a ku Japan ali ndi kagudumu kakang'ono pafupi ndi chiwongolero kolembedwa 0, 1, 2, 3. Mukanyamula katundu, kwezani nambala kuti nyali zitsike. Ngati mulibe, tcherani nyali galimoto itanyamula monga imanyamulira masiku onse.

Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, werengani nokha. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Dalaivala wothobwa m'maso kwa masekondi atatu wayenda mamita 50 osaona kanthu. Pamsewu wa Zomba kupita ku Jali, kapena pa M3 podutsa pa Songani ndi pa Thondwe tsiku la msika, m'mamita 50 amenewo mumakhala anthu angati?

Mwina vuto si babu

Musanatulutse ndalama za pulojekita, uzani wamagetsi a galimoto ayeze mphamvu imene ikufika pa babu. Mawaya okalamba, masoketi adzimbiri ndi waya wa ethi wosagwira bwino zimadya magetsi m'njira. Babu la halojeni likaperewera magetsi ndi gawo limodzi mwa magawo 10, kuwala kwake kumatsika ndi pafupifupi magawo atatu mwa 10. Kuika relay ndi fyuzi yoyenera, kupukuta galasi lachikasu lija mpaka liyere, kuika mababu atsopano a mawati oyenera ndi kutchera nyali bwino kumabweza kuwala kwambiri pamtengo wochepa, ndipo palibe wapolisi angakufunseni kanthu. Mababu a mawati 100 apeweni, amasungunula masoketi ndi mawaya. Ndipo wamagetsi amene akufuna kulumikiza nyali kubatire popanda fyuzi, mulandeni galimotoyo msanga, chifukwa moto wa galimoto umayambira pamenepo.

Pa COF ndi pa rodibuloko

Nthambi ya boma yoona za pamsewu, Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene tonse timangoti a Road Traffic, ili ndi ofesi ku Zomba. Galimoto iliyonse iyenera kuyezedwa kuti ilandire COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo nyali ndi chimodzi mwa zinthu zoyezedwa. Ngati mukuganiza zosintha nyali kwambiri, pitani mukafunse oyeza magalimoto musanayambe ntchito. COF imachitira umboni za tsiku limene galimoto inayezedwa. Mukasintha nyali pambuyo pake n'kuyamba kuthobwa anthu, chipepala cha pagalasi sichikutetezani. Khalidwe lobwereka mababu abwino tsiku la mayeso n'kubwezeretsa oipa madzulo ake ndi chinyengo chimene chimapha anthu.

Tiyerekeze kuti akuimitsani usiku pa rodibuloko, wapolisi akuti nyali zanu n'zolakwika. Imani, onetsani laisensi ndi mapepala a galimoto, ndipo yatsani nyali akakupemphani. Ali ndi mphamvu yoyang'ana galimoto, yokulipitsani chindapusa, ndiponso yoletsa galimoto yosayenera kupitiriza kuyenda mpaka itakonzedwa. Inunso muli ndi ufulu. Funsani mwaulemu kuti, "Bwana, mlandu wanga ndi uti kwenikweni?" Ayenera kukuuzani. Mukavomera kulakwa n'kulipira, landirani lisiti la boma, limene ambiri timalitchula kuti GR, lolembedwa ndalama zenizeni zimene mwapereka. Ngati mukukhulupirira kuti nyali zanu zili bwino, simukakamizidwa kuvomera. Mungapemphe kuti nkhaniyo ikaweruzidwe kubwalo la majisitireti. Munthu akamangidwa, malamulo aakulu a dziko amati auzidwe chifukwa chake ndipo akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti likugwira ntchito nthawiyo ikathera pa tchuthi. Belo ya kupolisi salipira.

Ndalama ya m'manja yopanda lisiti ndi ziphuphu, ndipo woperekayo ndi wolandirayo onse ndi olakwa. Ngati wina wakuumirizani kupereka, lembani tsiku, nthawi, malo ndi dzina kapena nambala ya pa yunifolomu yake. Mungakadandaule kwa mkulu wa polisi ya m'deralo, ku bungwe lothana ndi ziphuphu la Anti-Corruption Bureau, kapena ku Independent Complaints Commission, bungwe lomva madandaulo okhudza apolisi.

Wogulitsa kapena makaniko akakupusitsani

Lamulo loteteza ogula la 2003 limaletsa kunamiza wogula za katundu, ndipo limapatsa wogula ufulu wobwezeredwa pa katundu wosachita zimene analonjezedwa. Ngati munanena momveka kuti mukufuna pulojekita ya misewu ya kuno, wogulitsa n'kukupatsani ya mbali inayo, bwererani nayo. Akakana, dandaulo lingapite ku Competition and Fair Trading Commission kapena kukhoti la majisitireti. Mphamvu yanu yonse ili pa umboni: lisiti lolembedwa dzina la katunduyo, katoni yake, ndi chithunzi cha pafoni cha mmene kuwala kukugwera pakhoma. Ndi makaniko, gwirizanani poyamba kuti ndalama yomaliza muperekera pakhoma, mayeso aja atatheka. Mababu ndi zida zakale zimene wachotsa ndi zanu, zitengeni.

Amene muli ndi inshuwalansi yoteteza galimoto yanu yomwe, dziwitsani kampaniyo kuti mwasintha nyali ndi mawaya. Galimoto ikadzapsa chifukwa cha waya woonjezera amene sanauzidwe, mkangano wake umakhala wautali.

Inu amene mumathobwa m'maso

Ambiri a m'madera a mafumu Mwambo ndi Kuntumanji alibe galimoto, koma ndiwo amakumana ndi nyali zimenezi tsiku ndi tsiku. Ngati mukupalasa njinga kapena kuyendetsa njinga yamoto ndipo kuwala kwakuphimbani, chepetsani liwiro, yang'anani m'mphepete mwa msewu kumanzere kwanu, ndipo ngati simukuonabe, imani. Dalaivala mnzathu, kuphethira kamodzi kumukumbutsa wobwerayo kuti adime n'kokwanira. Kubwezera fulu kumangopangitsa akhungu kukhala awiri pamsewu umodzi. Galimoto imene imazunza anthu usiku uliwonse ili ndi nambala. Ilembeni mukaipereke kupolisi yapafupi kapena kwa a komiti ya chitetezo cha m'mudzi.

Ngozi ikachitika, dalaivala ayenera kuima, kuthandiza wovulala ndi kukanena kupolisi mwamsanga. Wovulala apite kuchipatala, chaching'ono chapafupi kapena Zomba Central, ndipo asunge mapepala onse. Popereka sitetimenti nenani momveka kuti nyali zinakuthobwani, tchulani amene anaona, ndipo pemphani kuti galimotoyo iyezedwe mwini wake asanasinthe mababu. Galimoto iliyonse yoyenda pamsewu iyenera kukhala ndi inshuwalansi yolipira anthu ena amene yawavulaza, ndipo lamulo limalola wovulala kufuna chipepeso kukampani ya inshuwalansiyo mwachindunji. Mudzafunika lipoti la apolisi ndi la dokotala. Musagoneke nkhaniyi miyezi ndi zaka, chifukwa lamulo linaika malire a nthawi. Amene sangakwanitse kulipira loya apite ku Legal Aid Bureau, imene ili ndi ofesi ku Zomba. Kukambirana kwa amfumu kungathandize kubweza mtendere pakati pa mabanja, koma musasainire pepala loti nkhani yatha musanadziwe kukula kwa kuvulala kwanu.

Udindo ulinso mbali ino. Njinga yoyenda usiku iyenera kukhala ndi nyali kutsogolo ndi chonyezimira chofiira kumbuyo, ndipo dengu la matemba lisaphimbe chonyezimiracho. Ngolo nayo ikhale ndi zonyezimira. Woyenda pansi ayende kumanja kwa msewu, moyang'anizana ndi magalimoto obwera, ndipo chovala choyera chimathandiza kuti dalaivala amene wadima amuonere patali. Akabaza a njinga zamoto, amene masiku ano akukhoma tinyali ta LED pa mafoloko ndi pa zogwirira, adziwe kuti lamulo ndi lomweli: tinyalito tilibe dimu, ndipo wonyamulidwa akakhala kumbuyo ndi katundu wake, nyali yaikulu imadzuka chimodzimodzi pikapu ija. Khoma, choko ndi mamita 10 zimagwiranso ntchito pa njinga yamoto, bola poyeza pakhale munthu pampando wakumbuyo.